Nyimbo Itauma M'mutu mwa Rachmaninoff

Mlimi akadwala, munda wake umalowa tchire, ndipo aliyense wodutsa pa njira amadziwiratu kuti pakhomo pamenepo sipali bwino. Mmisiri wa matabwa akathyoka mkono, anansi amaona bandeji nabwera kudzazonda. Koma pali nthenda ina imene imagwira anthu aluso, monga olemba mabuku, osema ziboliboli, ojambula zithunzi ndi opeka nyimbo, imene ilibe bala looneka ndi maso. Munthu amadzuka m'mawa ali wamphumphu, amadya, amayenda, amayankha moni. Koma akakhala pansi kuti agwire ntchito imene Mulungu adam'patsa, m'mutu mumangoti zii. Tsiku limatha, mwezi umatha, pepala lili loyera mbee. Achibale amayesa ulesi. Mwini wake amayesa kuti mphatso yake yamuthawa ndipo sidzabweranso. Nthenda imeneyi idagwira Sergei Rachmaninoff, katswiri wopeka nyimbo wa ku Russia, ndipo idamugwira kawiri.

Rachmaninoff adabadwa m'chaka cha 1873 m'banja lomwe poyamba lidali lochita bwino. Bambo ake adamwaza chuma chonse, minda ya banja idagulitsidwa, ndipo pambuyo pake ukwati wa makolo ake udasokonekera. Mu 1885 mnyamatayu adatumizidwa ku Moscow kukakhala m'nyumba ya mphunzitsi wa piyano wotchedwa Nikolai Zverev. Kumeneko kudalibe chibwana: ana ankayamba kuphunzira limbalo m'mamawa, nthawi ya 6 koloko, mosinthanasinthana. Patapita zaka zinayi adayambana ndi mphunzitsi wakeyo kaamba kopempha chipinda chapadera choti azipekeramo nyimbo popanda phokoso, motero adasamukira kwa achibale ake a banja la Satin. Mu 1892 adatsiriza maphunziro pa sukulu yaikulu ya nyimbo ya mu Moscow, nalandira mendulo ya golide imene anthu awiri okha ndiwo adailandirapo iye asadabwere. Sewero loimba lotchedwa Aleko, limene adapeka ngati mayeso ake otsiriza, adalimaliza m'masiku osakwana 20. Pyotr Tchaikovsky, yemwe adali mkulu wa opeka nyimbo onse m'dzikomo, adaliwombera m'manja poyera. Kunena mwachidule, mnyamatayu adafika zaka 20 asadadziwe kuti kulephera pa nyimbo kumawawa bwanji.

Kwa wopeka nyimbo wa ku Ulaya wa masiku amenewo, ntchito yosonyeza kuti munthu wakula idali kupeka symphony. Iyi ndi nyimbo yaitali, kawirikawiri ya zigawo zinayi, yopanda mawu, imene imaimbidwa ndi gulu lalikulu la anthu oimba zipangizo zosiyanasiyana: mavayolini, zitoliro, malipenga ndi ng'oma. Wopekayo amayenera kulemba pa pepala chimene chipangizo chilichonse chidzaimbe kuyambira poyamba mpaka pomaliza, chonsecho akungozimva m'mutu mwake. Akatha, amapereka ntchito yake m'manja mwa woimbitsa, amene amaima kutsogolo ndi kandodo, monga achitira wotsogolera kwaya. Woimbitsayo akapanda kuimvetsa nyimboyo, kapena akapanda kuikonda, mwini wake alibenso podzitchinjirizira. Rachmaninoff adathera pafupifupi chaka chonse cha 1895 pa Symphony yake Yoyamba. Adathiramo mtima wake wonse, ndipo pamwamba pa pepala adalembapo vesi ya pa Aroma 12:19, ija yonena za kubwezera chilango. Ankakhulupirira kuti watsegula njira yatsopano.

Nyimboyo idaimbidwa koyamba mu Malichi 1897 mu mzinda wa St Petersburg, woimbitsa ali Alexander Glazunov. Tsoka silinunkha. Gululo silidakonzekere mokwanira, pakuti pa tsikulo padalinso nyimbo zina zatsopano zogawana nazo nthawi yophunzira. Glazunov sadaonetse chidwi chilichonse, ndipo pambuyo pake anthu ena, kuphatikizapo mayi amene adadzakhala mkazi wa Rachmaninoff, adanena kuti mkuluyo adaimbitsa atalawako. Mnyamatayo, atamva momwe zidayendera pokonzekera, sadalimbe mtima kukhala m'holo. Adakabisala pa makwerero achitsulo kuseri, nthawi zina akutseka makutu ndi zala kuti asamve mwana wake akuphedwa pagulu. Nyimbo itatha adathawira mu msewu. Kenaka kudabwera nyuzipepala. César Cui, wopeka nyimbo yemwe ankalembanso ndemanga, adati kukadakhala kuti ku Gehena kuli sukulu ya nyimbo, wophunzira wina nauzidwa kuti apeke nyimbo yofotokoza miliri ya ku Egypt, akadapeka yonga imeneyi, ndipo eni malowo akadakondwera nayo.

Mawu amenewo adali anthabwala, ndipo mosakayika owerenga adaseka. Ndicho chifukwa chake akumbukiridwabe mpaka lero, pamene nyimbo zambiri za Cui mwini wake zidaiwalika. Aliyense wogwira cholembera chofiira, kaya ndi mphunzitsi wochonga chimangirizo kapena mtolankhani woweruza buku, amadziwa chiyeso chimenechi: chiganizo choseketsa chimabwera msanga kuposa chiganizo chothandiza. Komabe si bwino kusenzetsa Cui mlandu wonse. Patangopita milungu yowerengeka, Rachmaninoff adalembera mnzake kalata momwe adati chomuwawa kwenikweni sikudali kunyozedwa m'nyuzipepala ayi, koma kuti iye mwini, ataimva nyimboyo ikuimbidwa, sidamukomere. Apa ndiye padali bala. Mdani wakunja munthu angathe kumutsekera chitseko. Nanga khutu lako lomwe likakutembenukira? Wopeka nyimbo amadalira khutu la m'kati, lomwe limamuuza kuti ichi chili bwino, ichi ayi. Ngati khutu limenelo lidamunamiza kwa chaka chathunthu, angalikhulupirirenso bwanji mawa? Adasowa chodziwira ngati cholakwa chidali cha woimbitsa kapena chake, ndipo funso limeneli lidamudya ngati chiswe.

Kwa zaka zitatu sadapeke kanthu kooneka. Iye mwini adadzafanizira nthawi imeneyo ndi ya munthu wofa ziwalo, amene mutu ndi manja zaleka kumumvera. Ankatha maola atagona pa mpando, tulo tidamusowa, chakudya sichinkalowa. Ndalama nazo zidavuta, kotero ankaphunzitsa ana piyano, ntchito imene sankaikonda n'pang'ono pomwe.

Komatu zaka zimenezi sizidapite pachabe monga momwe iye ankaganizira. Chakumapeto kwa 1897, Savva Mamontov, mkulu wolemera wa za njanji yemwe adali ndi gulu lake la masewero oimba mu Moscow, adamulemba ntchito ngati wachiwiri kwa woimbitsa. Poyamba zidakanika, chifukwa mnyamatayo sankadziwa kuti oimba a pa nsanja amadikira chizindikiro cha woimbitsa kuti alowe. Adaphunzira poonerera, ndipo posakhalitsa adayamba kutamandidwa. N'chinthu chochititsa chidwi kuti munthu wovulazidwa ndi woimbitsa adakaphunzira ntchito ya uimbitsi yomweyo, ngati kuti ankafuna kuti tsiku lina asadzaperekenso mwana wake m'manja mwa mlendo. Komweko adapalana ubwenzi ndi Fyodor Chaliapin, mnyamata wa mawu a besi amene adadzatchuka dziko lonse lapansi, munthu wansangala ndi waphokoso, wosiyana kutalitali ndi iye. Mu Epulo 1899 adapita ku London komwe adaimba nalandiridwa bwino, ndipo adalonjeza kuti adzabweranso ndi concerto yatsopano, ndiye kuti nyimbo imene piyano imatsogolera gulu lonse likuyankha. Atabwerera kwawo lonjezolo lidasanduka mtolo wina pamutu. Pepala lidali loyerabe.

Achibale ndi abwenzi adaganiza kuti mwina mawu a munthu wamkulu angamudzutse. Adakonza zoti akaonane ndi Leo Tolstoy, mlembi wotchuka wa mabuku, amene Rachmaninoff ankamulemekeza kwambiri. Malangizo a mkuluyo adali akuti moyo ngwovuta kwa aliyense, ndipo munthu ayenera kugwira ntchito tsiku ndi tsiku monga ankachitira iye. Kumayambiriro kwa 1900 Rachmaninoff adapitako pamodzi ndi Chaliapin, ndipo adaimba nyimbo ina imene adali atangoipeka movutikira. Atatha, Tolstoy adamufunsa ngati pali munthu amene amafuna nyimbo zotero. Mnyamatayo adatuluka m'nyumbamo ali wosweka kuposa momwe adalowera, ndipo sadapondemonso.

Malangizo a Tolstoy sadali abodza. Ntchito ya luso imafunadi khama la tsiku ndi tsiku, ndipo mwana wokulira m'nyumba ya Zverev sakadafuna wina womuphunzitsa zimenezo. Vuto lidali lakuti mkuluyo adapereka mankhwala asadafunse pomwe pakupweteka. Kuuza munthu wothyoka mwendo kuti mankhwala ake n'kuthamanga n'kumuonjezera manyazi pamwamba pa ululu. Anthu ambiri anzeru amalakwa chimodzimodzi akakumana ndi wovutika maganizo: amamuuza zoona zimene iye akuzidziwa kale, zimene zikumuzunza kale usiku.

Thandizo lidachokera kwa munthu wopanda dzina lomveka. Banja la Satin lidamunyengerera kuti akaonane ndi dotolo wina wa mu Moscow, Nikolai Dahl, amene ankathandiza odwala maganizo. Dahl ankakondanso nyimbo, ndipo pa nthawi yake yopuma ankaimba viola, chipangizo chokulirapo pang'ono kuposa vayolini. Kuyambira mu Januwale mpaka mu Epulo 1900, Rachmaninoff ankapita kwa dotoloyu tsiku lililonse. Dahl sadayambire pa nyimbo. Adayambira pa tulo, kuti wodwalayo azigona usiku. Kenaka pa chilakolako cha chakudya. Kenaka pa kupepuka kwa mtima masana. Ankamukhazika pa mpando wawofuwofu, namugoneka ndi mawu odekha mpaka akhale ngati ali pakati pa tulo ndi maso, ndipo ali chomwecho ankamubwerezera mawu omwewomwewo: kuti adzayamba kulemba concerto yake, kuti ntchitoyo idzayenda mosavuta, ndi kuti idzakhala yabwino. Kupatula apo ankacheza, munthu wodziwa nyimbo ndi mnzake wodziwa nyimbo.

Olemba mbiri amasiyana maganizo pa chimene chidachiritsa Rachmaninoff. Ena amati ndi kugonekedwa kuja, ena amati ndi macheza. Koma woyang'ana nkhaniyi modekha amaona kuti padali zinthu zingapo zolukanalukana. Munthu amene adazolowera kugona pa mpando tsiku lonse tsopano adali ndi kopita m'mawa uliwonse. Adapeza womumvera amene sadali mbale wake woti amumvere chisoni, kapena katswiri mnzake woti amuweruze. Ndiponso dotoloyu adazindikira kuti luso limakhala m'thupi, ndipo thupi losagona ndi losadya silingabale kanthu. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Miyezi inayi ya kupita ndi kubwera idachita chimene mawu amodzi a munthu wotchuka adalephera.

Dzinja la kwawoko litatha adapita ku Crimea, kenaka ku Italy pamodzi ndi Chaliapin, ndipo kumeneko nyimbo zidayamba kudontha, kenaka kuyenderera. Adayambira pakati: adalemba chigawo chachiwiri ndi chachitatu cha concerto ija, nasiya choyamba, ndipo zigawo ziwirizo adaziimba mu Moscow mu Disembala 1900, woimbitsa ali msuweni wake Alexander Siloti. Anthu atazilandira bwino, mpamene adalimba mtima kulemba chiyambi. Ngakhale zidatero, chilonda chidali chisadapole. Kutatsala masiku ochepa kuti nyimbo yonse iimbidwe, mnzake wa kusukulu, Nikita Morozov, adamuuza kuti waona chofooka m'chigawo choyamba. Rachmaninoff adayankha ndi kalata yodandaula kuti chigawo chonsecho chaonongeka ndipo chayamba kumunyansa. Mantha a 1897 adabwerera onse. Kusiyana kwake kudali kwakuti ulendo uno sadakabisale pa makwerero. Mu Novembala 1901 adakhala yekha pa piyano naimba Concerto Yachiwiri yonse, ndipo chiyambi chomwe ankachikayikiracho, chija chomveka ngati mabelu akuluakulu a tchalitchi akulira chapatali n'kumayandikira, ndicho chimodzi mwa ziyambi zodziwika kwambiri m'nyimbo za mtundu umenewu. Pamwamba pa nyimboyo adalembapo dzina la Nikolai Dahl.

Zotsatira zake zidali zaka za zokolola. Mu 1902 adakwatira Natalia Satina, wa m'banja lomwe lidamusunga lija, ndipo adabereka ana aakazi awiri. Nyimbo zidatuluka motsatizana, zambiri mwa izo zolembedwa ku Ivanovka, munda wa banja la mkazi wake m'chigawo cha Tambov, komwe ankapita chaka ndi chaka nyengo yotentha. Koma padatenga zaka zoposa khumi kuti ayerekezenso kuonetsa symphony ina. Yachiwiriyo idaimbidwa mu 1908, mu St Petersburg momwemo, ndipo kandodo kadali m'manja mwake. Yoyamba ija sadaing'ambe, komanso sadalole kuti isindikizidwe kapena kuimbidwa. Idangokhala m'kabati.

Nkhani ikadathera pano ikadakoma ngati nthano, koma moyo sudatero. Mu 1917 boma la Russia lidagwetsedwa, ndipo chakumapeto kwa chakacho ulamuliro udalowa m'manja mwa chipani cha Bolshevik. Munda wa Ivanovka udalandidwa. Mu Disembala chaka chomwecho, Rachmaninoff adapezerapo mwayi pa kalata yomuitana kukaimba ku Stockholm, natuluka m'dzikomo ndi mkazi wake ndi ana, atanyamula tikatundu tochepa, nadutsa malire a Finland pa chilei m'chisanu choopsa. Mapepala a Symphony Yoyamba adatsala ku Moscow. Mu Novembala 1918 banjalo lidafika ku New York. Ali ndi zaka 45, wopanda nyumba ndi chuma, adasankha ntchito yodyetsa banja msanga, ndiyo yoimba piyano m'maholo. Adayenera kuphunzira nyimbo zambiri za anthu ena, ndipo chaka ndi chaka ankayenda pa sitima kuchoka mzinda uno kupita mzinda uwo. Adatchuka, adalemeranso. Koma kupeka kudaima kachiwiri.

Chiwerengero chimalankhula chokha. Mwa ntchito zake 45 zimene zili ndi manambala, 39 adazilemba asadachoke ku Russia. M'zaka 25 zotsatira adalemba zisanu ndi imodzi zokha. Kuyambira 1918 mpaka 1926 sadamalize nyimbo yatsopano ndi imodzi yomwe. Nthawi idali yochepa, n'zoona, koma iye mwini adanena kuti potaya dziko lake adatayanso chilakolako chopeka. Kwanu n'kwanu, m'thengo mudalaka njoka. M'nyumba mwake ku America ankalankhula Chirasha, kudya zakudya za kwawo ndi kulandira alendo a kwawo, ngati munthu woyesa kusunga moto m'phale. Chete wachiwiriyu adasiyana ndi woyamba. Woyamba udabwera chifukwa chodzikayikira; wachiwiri chifukwa nthaka imene nyimbo zake zinkamerapo idachotsedwa pansi pa mapazi ake. Dotolo sakadatha kumubwezera Ivanovka, ndipo Dahl mwini wake adali atathawira ku Beirut, komwe adamwalirira mu 1939.

Ulendo uno adadzipangira yekha mankhwala, ndipo adali mankhwala a njerwa ndi dothi. Mu 1930 adagula malo m'mbali mwa nyanja ya Lucerne ku Switzerland, namangapo nyumba imene adaitcha Senar, dzina lolumikiza zilembo zoyamba za maina a Sergei, Natalia ndi Rachmaninoff. Adadzalapo mitengo ndi maluwa, nayang'anira ntchitoyo ngati mlimi, kufuna kuti pamalopo pamveke fungo la kumudzi. Atapeza bata limenelo, nyimbo zidabwerera. Mu 1934 adalemba Rhapsody on a Theme of Paganini m'milungu yowerengeka, ndipo pofika 1936 adali atamaliza Symphony Yachitatu. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itayandikira mu 1939, adasiyanso nyumba imeneyo nabwerera ku America.

Ntchito yake yotsiriza, Symphonic Dances, adailemba mu 1940 ku Long Island, pafupi ndi New York, ali ndi zaka 67. Chakumapeto kwa chigawo choyamba cha nyimboyi kumachitika chinthu chimene omvera a nthawi imeneyo sakadachizindikira. Phokoso limazirala, ndipo mavayolini amayamba kuimba kanyimbo kodekha, timabelu tikulira pamwamba pake. Kanyimbo kameneko n'komwe kadali mutu wa Symphony Yoyamba ija. Mu 1895 kadali kaukali, koyenerana ndi vesi ya kubwezera. Tsopano adakatembenuza kukhala kofatsa ndi kowala, ngati munthu wokumbukira mwana amene adamwalira kalekale, misozi itauma. Padali patapita zaka 43 chiimbidwire nyimboyo, kamodzi kokha, ndipo moipa. Sidasindikizidwe, mapepala ake adasowa. Mwa anthu odzaza holo ku Philadelphia mu Januwale 1941, pamene Eugene Ormandy adaimbitsa Symphonic Dances koyamba, wodziwa gwero la kanyimboko adali mwini wake, mwinanso ndi mkazi wake. Sadakaikemo kuti ayankhe Cui kapena Glazunov, pakuti onsewo adali atamwalira. Pa tsamba lomaliza adalembapo mawu othokoza Mulungu.

Rachmaninoff adamwalira pa 28 Malichi 1943 ku Beverly Hills, m'chigawo cha California, asadaonenso Russia. Chaka chotsatira, m'nyumba yosungiramo mabuku ya sukulu ya nyimbo ku Leningrad, lomwe lidali dzina la St Petersburg pa nthawiyo, mudapezeka mapepala amene oimba aja adagwiritsa ntchito usiku wa mu 1897, chipangizo chilichonse pepala lakelake. Akatswiri adawasonkhanitsa, nalumikiza mzere ndi mzere mpaka nyimbo yonse idaimanso. Pa 17 Okutobala 1945 Symphony Yoyamba idaimbidwa kachiwiri mu Moscow, woimbitsa ali Alexander Gauk, gulu litakonzekera mokwanira. Anthu adaiwombera m'manja kwa nthawi yaitali, ndipo kuyambira pamenepo yakhala ikuimbidwa m'maiko ambiri.